Pa gritstone sitikhoma misomali

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa chithunzi chimene munasindikiza masabata apitawa pa tsamba la zamasewera, cha munthu ali lende pa thanthwe lina kuno ku England. Pansi pake munalemba kuti anthu a masewerawa amakhoma misomali m'mwala kuti azikwererapo, ndipo akafika pamwamba ndiye kuti aligonjetsa thanthwelo. Mchemwali wanga ndiye ananditumizira pa WhatsApp, n'kufunsa ngati zimene ndimachita Loweruka lililonse n'zimenezi. Thanthwe la pachithunzipo ndinalizindikira nthawi yomweyo. Ndi Stanage, makilomita ochepa kuchokera mumzinda wa Sheffield momwe ndakhala zaka 11 ndikugwira ntchito ya unamwino. Ndalikwera kambirimbiri, ndipo ndikutsimikizireni kuti misomali mukunenayo simudzaipeza pamenepo. Munthu atayerekeza kubwera ndi choboolera, anzake okwera miyala omwewo angamuimitse asanamalize bowo loyamba.

Sindikulemba kuti ndingokonza mawu awiriwo basi. Chaka chatha ine ndi mnzanga wina wachikulire tinatsegula njira yatsopano yokwerera pa thanthwe laling'ono la m'nkhalango, njira yoti sinalembedwepo m'buku lililonse la okwera miyala, ndipo zimene ndinaona kumeneko zikundivutabe mumtima. Kukwera kwenikweniko sikunakwane mphindi 15. Miyezi 8 imene inatsogola inathera pa funso limodzi: n'chiyani chimene ndili ndi ufulu wochotsa pa thanthweli kuti dzina langa lilowe m'buku?

Mwala wa kuno amautcha gritstone. Ndi mchenga wa maso akuluakulu umene mitsinje inaunjika zaka pafupifupi 320 miliyoni zapitazo, n'kuumbika kukhala mwala. Ukausisita umamva ngati wagwira mphero yosemedwa kumene, ndipo kale ankasemamodi mphero za zigayo. Mpaka lero patsinde pa Stanage pali mphero zozungulira zambirimbiri zimene osema anazisiya malonda atatha, ndipo mphero yomweyo ndiyo chizindikiro cha Peak District, dera loyamba m'Britain kukhazikitsidwa kukhala paki ya dziko lonse, mu 1951. Matanthwe ake si aatali ayi, ambiri ndi mamita 10, 15, mwina 20. Koma ndi ouma manja pa nkhani ya zogwira. Pamene ungayembekezere kopondapo umangopeza mwala wozungulira ngati phewa la munthu, timiyala toyera tomatirira apo ndi apo, ndi ming'alu. Ndiye umakwera podalira kukhakhala kwa mwalawo, mphira wa nsapato ugwirane nawo, khungu la m'manja ligwirane nawo. N'chifukwa chake nyengo yathu yabwino ndi ya chisanu, anthu ena onse atathawira m'nyumba. Kukatentha manja amachita thukuta, mwala n'kumaterera ngati waudzoza mafuta.

M'ming'alu timapisa dzanja lonse, n'kupindira chala chachikulu m'chikhatho kuti dzanjalo litupe ndi kutsekeka m'katimo, kenako n'kulendewera pa ilo. Katswiri wa luso limeneli anali Joe Brown wa ku Manchester, mmisiri wa mapaipi a madzi, amene anamwalira mu 2020. Ndamutchula dala. Mu 1955 iye ndi George Band anali oyamba kukwera Kangchenjunga, phiri lachitatu kutalika padziko lonse, koma atatsala pang'ono kwambiri kufika pansonga penipeni anaima n'kubwerera, chifukwa gulu lawo linali litalonjeza mfumu ya ku Sikkim kuti silidzaponda pamalo opatulikawo. Munthu wophunzirira kukwera pa gritstone anadziwa kusiya kanthu kosakhudza. Mawu oti kugonjetsa samuyenera munthu ameneyu.

Mwina mufunsa kuti nanga timadziteteza bwanji osakhoma kanthu. Wotsogola amavala lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu womangirira chingwe, mnzake ali pansi atagwira chingwecho. Akamakwera amalowetsa m'ming'alu tizitsulo timene timangotitcha manati, poti akale ankagwiritsadi ntchito manati a makina atawapisa kachingwe, ndipo asanatulukire zimenezo ankatsekamo timiyala totola kumtsinje. Palinso zida zotambasuka zokha zikalowa mumng'alu, zotchedwa Friends, zimene Ray Jardine wa ku America anatulukira ndipo kampani ya Wild Country inayamba kupanga ku Derbyshire konkuno cha mu 1978. Wotsatira akamakwera amazula zonsezo, ndipo pofika madzulo thanthwe limatsala monga tinalipezera. Ngati mwala sunakupatse mng'alu ndiye kuti chokuteteza palibe, usankhe wekha kukwera choncho kapena kuusiya. Njira ngati Gaia ku Black Rocks, imene Johnny Dawes anatsegula mu 1986, ndi yoopsa chifukwa cha mwambo umenewu, ndipo mpaka lero ilibe bawuti kapena msomali wokhomedwa m'mwala. Kumene misomali inakhomedwapo kale, monga kukwale ya Millstone Edge m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, zipsera zake zikadalipo ndipo sizidzapolanso.

Matanthwe otchuka ngati Stanage ndi Burbage ali pamtetete, mphepo imawaumitsa, ndipo anthu akhala akukwera miyala ya kuno kuyambira masiku a J. W. Puttrell m'zaka za m'ma 1880. Mpata uliwonse wooneka ndi maso unakweredwa kalekale n'kupatsidwa dzina. Wofuna njira yatsopano, ngati si katswiri wa zovuta zedi, amalowa m'nkhalango, kumene kuli timatanthwe tobisika m'mitengo ya birch ndi oak, tobiriwira ndi ndere, tosaona dzuwa. Lathu lili m'chigwa china kumadzulo kwa Sheffield. Dzina lake sinditchula, mumva chifukwa chake. Analipeza ndi mnzanga uja, bambo wa zaka zoposa 70 amene anapuma ntchito ya mufakitale ya zitsulo, akuyenda ndi galu wake m'mwezi wa Malichi masamba asanaphuke. Mawondo anawathera bamboyu, zovuta sakweranso, koma maso awo amaonabe mzere pamwala pamene ine ndikungoona khoma. Anandilozera: mng'alu woyambira pansi, n'kukazimiririka utadutsa pakati, pamwamba pake mphepete yozungulira yopanda kalikonse. Mamita 12. Tinafufuza m'mabuku onse amene ali nawo, a bungwe la okwera mapiri la British Mountaineering Council ndi ena akale a masamba achikasu, tinaonanso pa intaneti. Njira za kumanzere ndi kumanja zinalembedwa, yapakatiyi ayi. Tinapita kukaonana ndi woyang'anira nkhalangoyo ndipo anatilola, n'kutipempha chinthu chimodzi chokha, kuti tisadule mtengo.

Ndinamanga chingwe pa oak wina pamwamba, nditamukulunga nsanza kuti khungwa lisasupuke, n'kuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono, bulashi ya nayiloni ili m'manja. Akonzi, ndere za pamwala wa m'nkhalango si kautoto kobiriwira chabe. Pena zimachindikala ngati bulangete, zonyowa, zonunkhira dothi la mvula yoyamba. Ndinapisa zala kunsi kwa chigamba china n'kukoka, ndipo chinasendeka chonse kamodzi, chachikulu ngati lichero. Pansi pake panali pakuda bii, tizilombo totuwa tambirimbiri tikuthawa kuwala, kangaude atanyamula kathumba kake ka mazira, timizu toyera topyapyala ngati ulusi titayala mwala wonse. Ndinakhala lende pachingwepo chigamba chili m'manja, kusowa poti ndichiike. Chinatenga zaka zingati kuti chifike pamenepo? Ine ndinachisenda m'kuphethira kwa diso. Kuyambira pamenepo ndinasintha kachitidwe. Ndinayamba kuyesa kaye pamene dzanja ndi phazi zidzagwiredi, n'kutsuka pokhapo, malo osaposa chikhatho. Mumng'alumo munali kachomera ka masamba onga nthenga, ka mtundu wa fern, ndipo ndinakasiya ngakhale kanakhala pamalo abwino kwambiri oikapo nati.

Koma ndinalakwa, ndipo ndiyenera kunena. Chakumtunda, pamene mng'alu ukuthera, panali kamalo kamodzi kopondapo phazi lamanzere, kokutidwa ndi ndere ina youma, yotuwa, yomatirira ngati chipere. Nayiloni inakanika. M'chikwama ndinali ndi bulashi ya waya imene ndimatsukira tcheni cha njinga. Ndinkadziwa kuti sizololedwa, aliyense wokwera gritstone amadziwa. Ndinadzinamiza kuti kungopalasa kawiri katatu sikungawononge kanthu. Ndere inachokadi, koma inapita ndi khungu la mwala. Gritstone kunja kwake kuli kachikhungu kolimba, kodera, kamene mvula ndi mphepo zinaumba kwa zaka zosawerengeka, pomwe m'kati mwake ndi mofewa. Ndinangoona kachigamba kachikasu kali ngwee, ndipo nditasisita ndi chala mchenga unayoyoka n'kukagwera pa chisoti cha mnzanga pansi. Anayang'ana kumwamba, n'kukhala chete nthawi yaitali. Nditatsika anati, "Mphwanga, bala wapanga apolo lidzakhalapo ine ndi iwe titapita. Ndipo aliyense wopondapo azilikulitsa." Ndinangoti, "Ndalakwa, achikulire." Sanabwerezenso mawuwo mpaka lero. Bulashi ija ndinaitulutsa m'chikwama tsiku lomwelo.

Tinapangana zobweranso patatha masabata awiri mwala ukauma. Gritstone yonyowa sitikwera, ndipo chifukwa chake si kuterera kokha. Mwala wa mchenga ukamwa madzi umafooka, timiyala toyera tija timazuka, ndipo kakazuka kamodzi njira imasinthiratu. Titabwerera mu Epulo tinapeza mwini wake atafika. Kambalame kakang'ono kabulauni, kotukula mchira, kamene kuno amati wren, kanali katamanga chisa chobulungira mumng'alu momwemo, pafupi ndi fern uja, ndipo ndikukhulupirira kuti ndere zina kanatola pa zimene ndinagwetsa ine. Lamulo la kuno la 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kuwononga chisa cha mbalame yakutchire pamene ikumanga kapena ikuchigwiritsa ntchito. Ku Stanage ndi Burbage chaka ndi chaka amaika zikwangwani zotseka njira zina chifukwa cha mbalame yotchedwa ring ouzel, imene imachokera kumapiri a kumpoto kwa Africa kudzaswa kuno, ndipo okwera miyala eni ake amathandiza nawo kufufuza zisa. Kunkhalango kwathuko kunalibe chikwangwani, kunalibenso wotiona. Tinapinda chingwe n'kubwerera. Pomwe ana a mbalame ankauluka n'kuti nyengo yotentha itafika, masamba atatseka mphepo, tintchentche toluma totchedwa midges tili mbuu ngati utsi. Tinadikira mpaka Novembala.

Tsikulo linali Lachiwiri, nditaweruka ntchito ya usiku n'kugonako maola 4. Kunja kunali madigiri 3, kopanda mtambo, masamba atayoyoka, kadzuwa kofooka kakufika pamwalapo koyamba chichokereni Malichi. Ndinali nditayeserapo mbali ya kumtunda kawiri chingwe chitamangidwa pamwamba, ndipo ndinalemba zimenezo popereka njirayo kuti ilowe m'buku, chifukwa kubisa kuti unayesera n'kunamiza wobwera pambuyo pako, amene angadzavulale poganiza kuti iwe unangofika n'kukwera. Ndinapukuta nsapato pakansalu mpaka mphira unayamba kulira, ndinapisa manja m'kathumba ka choko choumitsira thukuta. Mng'alu unandilandira bwino. Dzanja, dzanja, phazi kulipotokola m'katimo, nati imodzi, kenako Friend imodzi pamene mng'alu ukuthera, mamita 8 kuchokera pansi. Ndinaikoka kawiri kuti ndimve ngati yaluma. Kuchokera apo chitetezo china panalibe, ndipo ndinkadziwa kuti kugwa chakumapeto kukanandifikitsa pafupi ndi nthaka.

Phazi lamanzere linapita pa bala lija, poti pena panalibe, ndipo ndinamva timchenga tikusuntha kunsi kwa mphira. Dzanja lamanja linafika pamphepete yozungulira ija, yosagwirika, yongoikumbatira ndi chikhatho. Zala ziwiri zamanzere zinapeza kamwala koyera kakang'ono ngati nyemba. Mwendo unayamba kunjenjemera wokha. Pansi ndinamva mawu a mkulu uja, otsika, osathamanga: "Puma kaye. Tsitsa chidendene. Uli bwino." Ndinatsitsa chidendene, kunjenjemera kuja kunaleka, ndinadzuka pa phazilo. Pamwamba pa gritstone nthawi zambiri sipakhala chogwira. Umangoyala manja onse awiri pamwala n'kudzikankha ngati munthu wotuluka m'dziwe lakuya, mimba ikukhuzika. Ndinafika nkhope ili m'masamba ouma a oak, mtima ukugunda m'makutu, ndipo ndinagona pomwepo kanthawi ndisanakuwe kuti ndafika.

Tinaipatsa E2 5b. Kwa osadziwa, kuno njira imakhala ndi zizindikiro ziwiri. Choyamba chimanena kuvuta ndi kuopsa kwa njira yonse, kuyambira Moderate kudzera Severe mpaka E1, E2 kumapita m'tsogolo, ndipo chachiwiri chimanena kuvuta kwa malo amodzi ovutitsitsa. E2 yokhala ndi 5b ikuuza munthu kuti kukwerako si kovuta kwenikweni koma chitetezo n'chochepa. Obwera pambuyo ali ndi ufulu wosintha akaona kuti tinakokomeza. Dzina tinaitcha la kambalame kaja. Mnzanga amati n'kutheka ndithu kuti wina anaikwerapo m'ma 1960 osalemba paliponse, ndere n'kubwereranso, poti anthu ambiri a nthawi yawo sankalabadira zolemba. Zimenezo sizindipweteka ngakhale pang'ono.

Chimene chikundipweteka n'chimene tinapeza mu Febuluwale chaka chino. Mamita 30 kuchokera pa njira yathu pali thanthwe lina, ndipo munthu wina anabwerapo ndi sowo. Mitengo iwiri ya birch imene inkaphimba mwalawo inali gone pansi, zitsa zikadali zoyera. Khoma lonse, kuyambira pamwamba mpaka patsinde, linapalidwa ndi waya mpaka kuchita chikasu, ndere ndi dothi zili mulu pansi, choko chili mbwee paliponse. Ndinaima pamenepo mkwiyo utanditsamwitsa, komanso manyazi, chifukwa kusiyana kwa iyeyo ndi ine kunali kukula kwa bala basi. Woyang'anira nkhalango anatiitana. Anatifunsa mwaulemu ngati tinali ife, ndipo ngakhale anatikhulupirira, anatiuza kuti eni malo akuganiza zoletsa kukwera m'nkhalango yonseyo. Paja nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Anthu ambiri, ngakhale a kuno, amaiwala kuti mwayi wofika pamiyala imeneyi sunabwere wokha. Mapiri a Peak District anali otsekedwa, osungidwira anthu olemera osaka mbalame, alonda ali ndi ndodo m'manja. Pa 24 Epulo 1932 anthu mazana angapo, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester ndi Sheffield, anakwera dala phiri la Kinder Scout popanda chilolezo. Mmodzi mwa atsogoleri awo anali Benny Rothman, ndipo iye ndi anzake 4 anatsekeredwa m'ndende. Lamulo lopatsa anthu ufulu woyenda m'mapiri ndi m'matchire a pamtetete linadzabwera mu 2000, patatha zaka 68. Koma nkhalango zambiri sizili m'lamulo limenelo, ndipo ngakhale pamene likugwira ntchito silipatsa munthu ufulu wozula zomera kapena kudula mtengo. M'nkhalango ngati yathuyi timalowa mwa chifundo cha eni ake. Wa sowo uja anaseweretsa chinthu chosakhala chake.

Ndikudziwa zimene ena anganene, mnzanga wina wa kuntchito anandifunsa kale: ngati ndere ukuzimvera chisoni choncho, bwanji osangolisiya thanthwelo? Funsoli ndi lolemera ndipo ndikulisenzabe. Palibe njira yatsopano ya m'nkhalango imene ingatseguke osachotsapo kanthu. Komanso sindinganame kuti ndisiya kukwera. Mphindi zija ndili pamwamba pa Friend yomaliza ndiyo nthawi yokhayo pa sabata imene m'mutu mwanga mulibe odwala, mulibe mankhwala, mulibe belu la pabedi. Chimene ndaona n'chakuti malire alipo, ndipo munthu amawadziwa ali pachingwepo, monga ndinawadziwira ine ndisanatulutse waya uja. Kutsuka pogwira chikhatho n'kwina, kuvula khoma lonse n'kwina. Mtengo umene unayamba kukhalapo iwe usanabadwe suudula chifukwa ukutchinga chithunzi chako. Ndipo mizere ina, imene ingafune kuzula zambiri, ndi yoyenera kungoiyang'ana n'kudutsa, ikhale yopanda dzina. Pafupi ndi njira yathu pali mzere wina wokongola kuposa umene tinakwerawo, wokutidwa ndi ndere kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo ine ndi mkulu uja tinagwirizana kuti sitidzaukhudza.

Pempho langa, Akonzi, ndi lakuti mukadzasindikizanso chithunzi cha Stanage kapena thanthwe lina la gritstone, misomali ija muichotse m'mawu a pansi pake, ndipo mawu oti kugonjetsa muwaganizirenso. Mchemwali wanga ndamuyankha kale payekha.

Sabata yatha ndinapitako ndekha, wopanda chingwe, nditanyamula zigubu ziwiri za madzi kukathirira timitengo ta birch timene tinadzala ndi woyang'anira uja pamene panadulidwa paja. Eni malo sanayankhebe. Pa njira yathu, pamene ndinasenda chigamba chija payamba kuchita kobiriwira kopyapyala, ndipo fern uja watulutsa masamba atsopano opiringizika. Bala la phazi lamanzere likadali lachikasu, limaoneka ngakhale utaima pansi.

Ndine wowerenga wanu,
Sheffield, England